ZA DUWA LOKANA KUMASULA

Ife alimi a kuno kumunsi kwa mapiri, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mua ndi ku Mtakataka, tidziwa bwino cisoni ca maluwa opanda phindu. Tiona khobwe wathu ali wobiriwira, koma maluwa ace alikuyoyoka asanamasule. Tiona thonje litaya timaluwa tace tofumbata, dzuwa likakula pakati pa dzinja. Tiona mango acita maluwa kufikira mtengo wonse wayera, koma zipatso zace n'zowerenga ndi zala. Zikatero ambiri a ife tingoti caka caipa, ndipo ena afulumira kuloza mnansi cala. Koma popeza maluwa a m'munda ali osawerengeka, sitikhala pansi kufunsitsa za duwa limodzi, kuti lidakaniranji kumasula.

Cifukwa cace mwezi uno tifuna kukamba za comera cina cacilendo, cimene mitundu yace yambiri ibala duwa limodzi lokha pa phesi, kamodzi pa caka. Duwa lotere likakana, palibe linzace lolibisira manyazi, ndipo mwini wace ayenera kufunsa. Musayese kuti nkhaniyi iri ya eni cuma okha ai. Ana athu ambiri ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ngakhale ku Johannesburg, kumene agwira nchito yosamala maluwa pa nyumba za anthu. Mwana wa mlongo wathu adadulidwa malipiro cifukwa duwa limene dona wace adagula ndi ndalama zambiri lidatupa, nilikana kumasula, nilifota. Iye adangoti, "Pepani, dona," koma kwa ife adafunsa kuti, "Amalume, kodi ndidalakwa ciani, popeza ndidalithirira monga adandiuzira?" Funso limenelo liyenera kuyankhidwa bwino.

Comeraci ndi ca banja lalikuru limene m'mabuku lichedwa orchid. Musadabwe nalo dzinalo, pakuti abale ace muwadziwa kale. Cinaka cimene amai asinja naphika ndi nsinjiro ndi cidulo, cimene anzathu a ku Zambia acicha cikanda, ndico kambatata ka orchid womera m'madambo ndi m'mapiri. M'Malawi muno muli mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo pa Nyika pokha pali yoposa 200. Yambiri ya iyo adailongosola a banja la la Croix m'buku lao la caka ca 1991. Koma mtundu umene tinena lero suli mwa imeneyi, pakuti sumera wokha pena pali ponse m'Afrika muno. Kwao ndi kumpoto ca kum'mawa kwa India, kumwera kwa China, ku Vietnam, ku Thailand, ndi pa zisumbu za Borneo, Sumatra ndi New Guinea. Kumeneko umera mumthunzi, pa masamba oola a m'nkhalango kapena m'ming'alu ya miyala, kumene mpweya uli ndi cinyezi masiku ambiri a caka. Ernst Pfitzer wa ku Germany adaucha Paphiopedilum m'caka ca 1886, ndipo theka la dzinalo ndi mau a Cigriki otanthauza nsapato. Ife tingoucha duwa la nsapato.

Dzinalo liyenera, pakuti tsamba la pansi la duwalo lapindika ngati kansapato ka mwana. Pamwamba pace paimirira tsamba lina lotambalala ngati denga, ndipo m'mbali muli awiri otambasuka ngati mapiko. Kansapatoko ndi msampha. Kanchenche kapena kanjuci kakatera pa mlomo wace, katerereka nikagwera m'kati. Ndipo popeza makoma ali oterera, kapeza njira imodzi yokha yoturukira, ya kumbuyo, kumene kasiya ufa wa duwa lina umene kadasenza, nikatenga ufa watsopano. Potero duwa losamasula liribe khomo, ndipo lopanda khomo silibala mbeu.

Tsono duwa limasula bwanji? Kumasula ndi nchito ya madzi. Mudziwa kuti nkhwani wofota masana aimiriranso madzulo mukamthirira, cifukwa madzi alowa m'tizipinda ting'onoting'ono ta m'tsamba nalikunga. Momwemonso masamba a duwa lofumbata amwa madzi ocokera ku mizu, natupa, nakankhana kufikira atseguka. Pa duwa la nsapato nchitoyi iyenda pang'onopang'ono. Kuyambira tsiku limene kamutu kace kaoneka pakati pa masamba kufikira kumasula papita masabata ambiri, nthawi zina miyezi iwiri kapena itatu. Ndipo kutseguka kwenikweniko kutenga masiku angapo, denga liyamba kutukuka, mapiko natsatira pambuyo. Likatseguka bwino likhala mwezi wathunthu, kapena iwiri, losafota.

Koma pali cinthu cimodzi cimene tiyenera kucigwiritsa, pakuti zina zonse zicokera pomwepo. Orchid ambiri ali ndi nkhokwe ya madzi: ena ali ndi phesi lonenepa, ena ali ndi kambatata pansi monga cinaka. Duwa la nsapato liribe nkhokwe. Likhala ngati munthu wa ganyu amene adya za tsiku lomwelo. Tsiku limene sadapeze, ana ace agona ndi njala. Ndipo mwana woyamba kumva njalayo ndiye duwa lofumbata lija, pakuti comera cikapanikizika citaya duwa kuti cipulumutse masamba.

Cifukwa coyamba ndi copambana ciri m'mizu. Mizu yace iri yowerengeka, yonenepa, yaubweya, ndipo ifuna madzi ndi mpweya pamodzi. Ikauma, duwa liima. Koma ikamizidwa m'dothi lomata kapena m'citini copanda zibowo, ibvunda. Ndipo mizu yobvunda siimwa, kotero kuti comera cifa ndi ludzu mphika uli wodzala madzi. Mwini wace poona masamba alikufota aonjeza madzi, naonjezanso bvutolo. Ndico cifukwa cace odziwa alibzala m'tizidutswa ta makungwa osakaniza ndi makala ndi timiyala, nasintha makungwawo pakapita caka cimodzi kapena ziwiri, asanasanduke matope. Mcere nawonso upsereza nsonga za mizu, kaya ndi wa feteleza wocuruka, kaya ndi wa madzi a zitsime zina za kuno kucigwa. Mukaona zoyera zauma pa mlomo wa mphika, dziwani kuti ndi mcere umenewo. Madzi a mvula apambana onse.

Caciwiri ndi kutentha ndi mpweya wouma, ndipo apa ife a kunyanja tiyenera kuchera khutu. Boma la Dedza liri pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza iri pa mamita 2,198. Koma madzi a nyanja yathu ali pa mamita 474 okha. Pa mamita 1,000 ali onse amene munthu atsika, kutentha kukwera ndi madigiri 6 kapena kupitirira pang'ono. Yense wotsika mseu wa Khwekhwerere kucokera ku Masasa adziwa ici m'thupi mwace, pakuti ayamba ulendo atabvala jekete, nafika ku Golomoti alikutuluka thukuta. M'Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kupitirira madigiri 35 masiku ambiri, pamene duwa la nsapato likondwa kusapitirira 30. Mitundu yace ya masamba obiriwira okhaokha ifunanso usiku wozizira kuti iyambe kucita maluwa; ya masamba amawangamawanga ndiyo ipirira kutentha pang'ono. Mphepo youma ya cirimwe ilanda madzi m'masamba a duwa msanga koposa m'mene mizu iwatumizira. Pamenepo nsonga za masambawo ziuma nizimamatirana, ndipo duwa litsala lotseguka theka, denga lace litawerama pa kansapato ngati munthu wamanyazi.

Cacitatu ndi madzi ogona mumtima. Masamba a comeraci akumana pakati ngati manja awiri ofumbatana, ndipo duwa lituruka momwemo. Munthu akathirira pamwamba madzulo, madzi akhala m'menemo usiku wonse, ndipo kamutu kanthete kaja kada nikaola kasanakwere n'komwe. Tithirire mamawa, ndi m'mbali mwa mphika.

Cacinai ndi tizirombo. Akuru adati, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pali tizirombo tina tating'ono, totalika ngati milimita imodzi kapena ziwiri, tochedwa thrips, timene tilowa m'duwa likali lofumbata nitikanda masamba ace anthete ndi kuyamwa madzi ace. Pamene takanda pauma nipacita cipsera, ndipo cipsera sicitambasuka. Cifukwa cace duwa limasula lopotoka, kapena silimasula konse. Abale a tizirombo timeneti ndiwo agwetsa maluwa a khobwe wathu. Mukafuna kutiona, gwedezani duwa la khobwe pa pepala loyera, ndipo mudzaona timizere takuda tirikuthamanga. Nsabwe zoyera zonga ufa, zobisala m'khwapa mwa masamba, zicitanso cimodzimodzi.

Cacisanu cidzakudabwitsani, koma amai acidziwa kale ndi manja ao. Pofuna kuti nthoci zipse msanga tizibvundika m'dzenje kapena m'mbiya, ndipo ena afukizamo utsi. Cimene cizipsetsa ndi mpweya wosaoneka wochedwa ethylene, umene uturuka m'zipatso zakupsa ndi mu utsi. Dimitry Neljubow wa ku Russia ndiye adaonetsa m'caka ca 1901 kuti mpweya umenewu usintha makulidwe a zomera. Nchito yace ndi kukalambitsa: ukafika pa nthoci uifewetsa, ukafika pa duwa lofumbata ulikalambitsa lisanatseguke. Tsono duwa loikidwa pa gome pafupi ndi mbale ya nthoci ndi mango, kapena pa khonde lofikako utsi wa mbaula kapena wa galimoto, liri m'tsoka ngakhale mwini wace alisamale bwanji. Titamfunsitsa mwana wa mlongo wathu uja, tidapeza kuti duwalo lidaikidwa pa gome la zipatso m'nyumba, pafupi ndi zenera loomba dzuwa la masana, ndipo sadaliikepo ndi iye.

Cotsiriza ndi kusamuka, ubwana ndi cibadwa. Maluwa ogulitsidwa m'masitolo aleredwa m'nyumba za magalasi kapena za maukonde, m'mene kutentha ndi cinyezi ziyesedwa tsiku ndi tsiku. Wogula asankha limene liri pafupi kumasula, nalinyamula m'galimoto yotentha, naliika m'cipinda couma. Ndipo kusintha kwadzidzidziko kukwanira kuliimitsa. Comera cacing'ono cobala koyamba nthawi zina cibala duwa lopunduka, koma caka camawa cibala labwino. Ndipo pali zina za makolo osakanizidwa ndi anthu zimene cibadwire denga lao liwerama caka ndi caka. Zimenezo palibe mankhwala ace.

Mukaziyang'ana zifukwa zonsezi mudzaona kuti zigwirizana pa mau amodzi: tsiku limene duwa likana si tsiku limene bvuto lidayamba. Mizu idabvunda mwezi wathawo, kacirombo kadalowa masabata atatu apitawo, mphika udasunthidwa kale. Koma ife anthu tiweruza pa tsiku lomariza, ndipo mlandu tiupatsa iye amene tampeza ndi ndowa m'manja. Inu olemba ena nchito, musanadule malipiro a mwana wa mnzanu, zulani comeraco pang'ono muone mizu. Ikakhala yolimba, ya nsonga zoyera, funsani za malo. Ikakhala yofewa, yonunkha, ya khungu lobvuka m'zala, funsani za makungwa ndi zibowo za mphika, ndi amene adalamula kathiriridwe.

Nanga duwa likaima, ticitenji? Ciyeso cacikuru ndi ca zala. Munthu aona denga lamamatira, nati ndingolithandiza pang'ono. Koma tsamba limene silidakhute madzi ling'ambika, ndipo pong'ambikapo pada tsiku lomwelo. Ngati kamadzi konata ndiko kamata nsonga, dontho la madzi oyera ofunda pang'ono likhoza kukasungunula. Koposa apo musakhudze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Liikeni mumthunzi wowala, kutali ndi utsi ndi zipatso, pa mbale ya timiyala tonyowa koma mphika wosakhala m'madzi, ndipo musalisunthenso. Likafota ndithu, dulani phesi ndi mpeni woyera. Tsinde limene labala silibalanso, koma liturutsa mwana m'mbali mwace, ndipo duwa la caka camawa liri mwa mwanayo. Samalani mizu, ndipo mwataya caka cimodzi cokha.

Tanena zambiri za mlendo wa ku Asia. Tsopano tibwere kwathu, pakuti bvuto lomwelo tilicitira maluwa a m'mapiri athu. Kumtunda kuja, kumene nkhungu igona pa mitengo mamawa, nthambi zabvala ndere, ndipo pa nderepo pamera orchid ang'onoang'ono a maluwa oyera, ena onunkhira usiku. Anyamata awakanganula nawatsitsa kukagulitsa kwa apaulendo, ndipo ena a ife tiwapacika pa mango pakhomo. Masiku oyamba aoneka amoyo, cifukwa alikudya za m'nkhokwe yao. Koma maluwa amene adatsika nao ali ofumbata auma osamasula, ndipo cirimwe cisanathe comera comwe catha. Cimene cidawasunga kumtunda ndi nkhungu ndi usiku wozizira, ndipo zimenezo sizilowa m'thumba la wogulitsa. Tikumbukirenso kuti lamulo la nkhalango la caka ca 1997 liletsa kucotsa zomera m'nkhalango yosungidwa, monga ya Mua-Livulezi, popanda cilolezo.

Si kunena kuti dziko lotentha liribe orchid wace ai. Pa mitengo ikuruikuru ndi pa migwalangwa ya m'zigwa pamera mtundu wina wa mapesi onenepa onga mizimbe yaifupi, wa maluwa acikasu a mawanga ofiirira ngati a kambuku. John Lindley adaucha Ansellia m'caka ca 1844, pokumbukira John Ansell amene adaupeza pa cisumbu ca Fernando Po. Taonani nzeru yace: mapesi ace asunga madzi a dzinja, ndipo mizu yace yina iloza kumwamba ngati dengu, nikola masamba akugwa amene aola nasanduka cakudya cace. Potero umasula maluwa ambirimbiri m'cirimwe, mvula isanadze, nthawi yomweyo imene duwa la nsapato likomoka. Suposa linzace m'kulimba mtima. Koma uli kwao. Tiusiye pa mtengo wace, ndipo udzatikondweretsa zaka zambiri osatipempha ngakhale cikho ca madzi.

Patsala duwa limodzi lokana kumasula, ndipo ili ndilo lotiwawa koposa, pakuti cifukwa cace ndi khasu. Cinaka cicita maluwa m'dzinja, makamaka m'Januwale ndi Febuluwale. Pansi pace pali timbatata tiwiri: kakale kofota kamene kadyetsa duwa la caka cino, ndi katsopano kolimba kamene kasungira caka camawa. Wokumba afuna katsopanoko. Ndipo akakatenga, duwa la caka camawa lalowa mumtondo. Akakumbanso mbeu zisanamwazike, watseka njira zonse ziwiri. Mbeu za orchid ziri ngati pfumbi, zikwi zambiri m'kabokosi kamodzi, koma ziribe kamba wa paulendo monga nyemba kapena cimanga. Noël Bernard wa ku France adapeza m'caka ca 1899 kuti sizimera pokha zitakumana ndi timaulusi ta bowa wa m'nthaka timene tizidyetsa. Ndipo kucokera pa mbeu kufikira duwa loyamba papita zaka zingapo. Dambo lokumbidwa lonse silibwerera msanga monga munda wa mbatata.

Anzathu a maiko ena adaziona kale izi. M'caka ca 2003 Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi adalemba kuti timbatata ta pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkacoka caka ndi caka m'mapiri a kumwera kwa Tanzania kupita ku misika ya ku Zambia. Ndipo m'caka ca 2005 boma la Tanzania lidachinga phiri la Kitulo makamaka cifukwa ca maluwa ace. Ku England kuli mbale wa duwa la nsapato, dzina lace Cypripedium calceolus, amene anthu adamkonda namzula kufikira m'caka ca 1917 adati watha. M'caka ca 1930 padapezeka tsinde limodzi lokha m'dera la Yorkshire. Ndipo tsinde limodzilo adalilondera zaka zambiri monga tilondera munda kuopa anyani, kufikira akatswiri a ku Kew adayamba m'caka ca 1983 nchito yomeretsa mbeu zace m'mabotolo. Amene adalitha sadali adani ace, koma olikonda.

Sitinena kuti cinaka cileke kudyedwa. Ndi ndiwo ya makolo athu, ndipo amai ambiri amasiye agulira ana ao sopo ndi makope ndi ndalama zace. Koma tipempha zinthu zitatu zimene siziposa mphamvu ya mudzi uli wonse. Tisakumbe maluwa asanafote ndi mbeu zisanauluke. Pa malo ali onse tisiyepo zina, makamaka zazing'ono, ndi kubwezera dothi m'dzenje. Ndipo mafumu athu ndi akuru a mudzi apangane za kupumitsa dambo limodzi caka cino, lina caka camawa, monga asodzi apumitsa nyanja m'miyezi yoswana nsomba.

Tsono abale owerenga, amene muli ndi ana ogwira nchito ya maluwa kutali, muwatumizire mau awa: ayang'ane mizu, athirire mamawa, acotse duwa pafupi ndi zipatso ndi utsi, ndipo zala azisunge. Ndi ife otsala kuno, mvula ikakhazikika m'Januwale, tikwere ndi ana athu kumadambo a kumtunda, khasu titalisiya kunyumba, kuti aone ndi maso ao duwa la ndiwo imene adya. Ambiri a iwo adziwa kukoma kwa cinaka, koma sadaone ndi kale lonse maluwa ace atamasula.